Cholinga cha manambala kapena kutsimikiza mtima?

Mu Januwale 2023 ndinalemba kuseri kwa kope kuti pofika Disembala ndikhale nditasunga K600,000 ku banki m'khonde, ndigule malata. Chimenechi ndiye cholinga. Chili ndi nambala, chili ndi tsiku, ndipo Loweruka lililonse msungichuma akatsegula bokosi ndinkadziwa pamene ndafika. Njira yoikira zolinga yotchedwa SMART, imene George Doran analemba mu 1981, imafuna zomwezi: chinthu choyezeka, chokhala ndi malire a nthawi.

Mlamu wanga sanalembe nambala. Anangotsimikiza mumtima kuti akhala munthu wosamwaza ndalama. Kunena zoona ndinamuseka, chifukwa zoterezi n'zosavuta kubisalamo. Ndani angakutsutse ukamati ndikuyesetsa?

Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zanga zinakwana ndithu, koma mitengo inali itathawa, malata osakwanira denga. Ndinagwa ulesi, moti chaka chotsatira masheya ndinayamba kugula mochedwa. Cholinga chikaphonyeka chimakusiya manja ali m'khosi. Mlamu anapitiriza kuponya kangachepe kake, poti iye analibe tsiku lolepherera.

Komabe kutsimikiza mtima kopanda chochita n'chifunga chabe. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer analemba mu 1999 kuti khumbo limabala zipatso ukalimangirira ku nthawi ndi malo, kuti pakachitika chakuti udzachita chakuti. Mlamu amachita zomwezo osadziwa: ndalama ikangolowa pa Airtel Money, amayamba wapatula K2,000 asanakwere minibasi, zotsalazo ndiye za ndiwo.