Banga lofiira lobadwa nalo kumaso: laser, zophimba kapena mafuta a pamsika?

Mabanga amenewa si amodzimodzi. Lina limatupa ngati kachotupa patangopita masabata ochepa mwana atabadwa. Limenelo ndi hemangioma, nthawi zambiri limaphwa lokha, ndipo likaopseza diso madokotala amapereka mankhwala otchedwa propranolol, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito imeneyi mu 2008. Lovuta ndi losalala lija lotchedwa port-wine stain: timitsempha ta magazi tofutukuka pansi pa khungu. Silichoka, ndipo munthu akamakula limaderako n'kukhuthala.

Pa njira zonse, laser (makina owombera kuwala kwamphamvu pakhungu) ndiyo imafika pa timitsempha penipenipo. Kuwala kwa pulsed dye laser kumamwedwa ndi magazi, timitsempha n'kupsa n'kufota. Koma kwa ife akhungu lakuda pali msampha: melanin, amene amadetsa khungu, nayenso amamwa kuwala komweko, choncho dzanja losazolowera lingakusiyeni ndi matuza kapena mawanga otuwa oposa banga lenilenilo. Laser ina yotchedwa Nd:YAG imalowa mozama ndipo siikangana kwambiri ndi melanin, komabe ikapitirira muyeso imasiya chipsera. Muzibwerera kangapo, ndipo kawirikawiri banga limangozimirira, osatheratu. Makina otere ali kwa akatswiri a khungu m'mizinda ngati Johannesburg, ndiye onjezanipo ya ndege ndi malo ogona.

Zopakapaka zophimba banga monga Covermark ndi Dermablend sizichiritsa kanthu, koma sizivulaza, ndipo ine ndimaziika patsogolo kwa ambiri. Covermark anaiyambitsa Lydia O'Leary, yemwe naye anali ndi banga lotere. Mayeso enieni a zophimbazi ndi dzuwa la Okutobala kuno ku Salima: mukatsika pa kabaza, thukuta limakhala litalemba mizere pa tsaya. Pakani pang'onopang'ono ndi chala mongogunda, osati mosisita, kenako thirani paudala, mudikire kamphindi. Kupeza mtundu wofanana ndi khungu lanu ndiye ntchito.

Mafuta oyeretsa khungu a pamsika asiyeni. Ambiri ali ndi mankhwala otchedwa steroid amene amapyapyalitsa khungu, timitsempha n'kuonekera kuposa kale. Mphini nazonso zimangowonjezera zipsera pamalo odzaza magazi kale.

Banga likakhala pamphumi kapena pachikope, nkhani ya kukongola iyambe yadikira. Lingayendere limodzi ndi Sturge-Weber, matenda obweretsa khunyu ndi glaucoma (nthenda ya maso yomwe ingachititse khungu). Pitani naye mwanayo ku chipatala cha boma, akulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital akamuyeze maso.