Placebo kapena mankhwala omwe alipo kale: tiyerekeze ndi chiti?

Mankhwala atsopano akamayesedwa, pamafunika gulu lina la odwala loti ofufuza aziyerekezera nalo. Gululo limalandira placebo, apo ayi mankhwala omwe madokotala akupereka kale.

Placebo ndi piritsi la shuga kapena jakisoni wa madzi amchere. Maonekedwe, kukula ngakhale kakomedwe zimafanana ndendende ndi mankhwala enieniwo, koma mkati mulibe kanthu kochiritsa. Ubwino wake ndi wakuti zoona zimaonekera poyera. Matenda ambiri amatha okha, ndipo munthu akameza piritsi ali ndi chikhulupiriro, ululu umatha kuchepako. Tsono ngati wodwala ndi dokotala yemwe sakudziwa kuti walandira chiyani ndani, kusiyana kotsalako ndi ntchito ya mankhwalawo basi. Anthu omwe amafunika kuti alowe mu kafukufuku wotere amakhalanso ochepa.

Koma taganizirani mayi woyembekezera yemwe ali ndi HIV. Mu 1994 kafukufuku anaonetsa kuti mankhwala olimbana ndi HIV otchedwa AZT amatsitsa chiwerengero cha ana otengera kachilomboka kuchoka pa 25 kufika pa 8 mwa ana 100 alionse. Ofufuza ena atapitiriza kupereka placebo kwa amayi a ku Africa ndi ku Thailand, mu 1997 panabuka mkangano waukulu. Amene anakwiyawo ine ndimawamvetsa, chifukwa kuseri kwa manambalawo kunali makanda.

Kuyerekeza ndi mankhwala akale kumadya ndalama, kumafuna anthu ochuluka, ndipo zotsatira zake nthawi zina zimavuta kuzimasulira. Komabe palibe wodwala wobwerera chimanjamanja. Mfundo za Helsinki zotsogolera kafukufuku wochitika pa anthu, zomwe bungwe la madokotala a padziko lonse la World Medical Association linakhazikitsa mu 1964, masiku ano zimalola placebo makamaka pomwe mankhwala odalirika kulibe.