Hilux ya double cab pa ntchito ya m'midzi ya Kum'mawa: ndemanga ya mwini wake

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Yotsalayo ndaimana chifukwa cha zimene imadya m'thumba ndi mmene imagwedezera munthu ikakhala yopanda katundu. Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya double cab, ya dizilo, injini ya 2.5 D-4D, yokoka mawilo onse anayi, ya mtundu uja unkapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2015. Ndinaigula kwa munthu amene anali atayamba kale kuyenda nayo. Ine ndimagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda muno mu Chipata, ndipo anthu akakolola ndimalowa m'midzi ya ku Kasenengwa, Chipangali ndi Chadiza kukagula nshawa ndi soya. Choncho mukuwerenga mawu a munthu amene vaneti imamudyetsa, osati amene amaitulutsa m'mpanda Lamlungu lokha.

Ubwino wake umaonekera pamene phula lathera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi imene alimi akufuna feteleza wobereketsa mwachangu, ndi nthawi yomwenso timisewu ta m'midzi timasanduka phala. Dothi lakuda la m'madambo likanyowa limaterera koopsa, ndipo magalimoto ang'onoang'ono amakhala pamimba pawo n'kuyembekeza ng'ombe zidzawakoke. Vaneti iyi ndi yokwera, ndiye mizere ya matayala a mathirakitala ndi miyala ya pa mitsinje yopanda milatho imadutsa pansi osagunda kanthu. Matope akachuluka ndimaika H4, giya yokoka mawilo onse anayi, pakakhala pokwera poterera kapena mchenga wa mumtsinje ndimaika L4, yokoka onse anayi mwamphamvu koma pa liwiro lochepa, n'kuisiya iziyenda pang'onopang'ono yokha osaiponda moto. Alimi ena amene ndimagula nawo anayamba kundigulitsa chifukwa choti ndine ndekha ndinawafikira mu Febuluwale, ena onse akudikira kuti kuume.

Koma anzanga amene mukuganiza zogula, dziwani kuti 4x4 ya mtundu uwu si yoyendera pa phula louma. Ikalowa H4 mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa kuti azizungulira limodzi, ndiye pokhota pouma zitsulo zimalimbana zokhazokha, matayala n'kumatha. Mukangotuluka m'matope bwererani ku H2, giya yokoka mawilo awiri akumbuyo okha. Chinanso, kumbuyo kukakhala kopanda kanthu kumapepuka, ndipo pa msewu wa miyala ing'onoing'ono kumatha kukutembenuzani mukaponda buleki mwadzidzidzi. Ine ndimasiyako matumba awiri kapena atatu pamwamba pa mawilo akumbuyo ngakhale ndilibe malonda onyamula.

Nkhani ya katundu ndi imene anthu ambiri amaimva molakwika. Mukamva kuti vaneti imanyamula pafupifupi tani imodzi, mumawerengera matumba 20 a makilogalamu 50. Zoona, koma tani imeneyo ikuwerengeranso woyendetsa, onse okhala kutsogolo, ndi chilichonse chimene mwaikamo. Mukakhalamo anthu asanu akuluakulu, matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri achokapo kale pa 20 paja. Ndimaona anzanga a malonda akuunjika matumba 30 a chimanga, vaneti itakhala pansi kumbuyo, mphuno kuloza kumwamba. Ifika ndithu, koma masipuling'i amawongoka, chiwongolero chimapepuka m'manja, ndipo mabuleki akumbuyo, omwe ndi a ng'oma, sachedwa kutentha.

Kumbuyo kwa double cab ndi kwakufupinso, pafupifupi mita imodzi ndi theka basi, chifukwa malo ambiri anapita ku mipando ya anthu. Malata a mamita atatu amatulukira theka lathunthu kunja pokhapokha mutawotcheretsa zitsulo zogonekapo pamwamba. Simenti, feteleza, mbuzi, chigayo chaching'ono, zonsezi zimakwana bwino. Koma ngati cholinga chanu ndi kututa chimanga kupita nacho ku depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga, gulani Canter kapena muzibwereka. Ulendo umodzi wa Canter ndi maulendo angapo a vaneti, ndipo dizilo wake simungamubweze. Ine vaneti imandithandiza kusonkhanitsa matumba kuchokera m'midzi yovuta kufikamo n'kuwaunjika pamalo pamene lole ingafike.

Kakhalidwe ka m'kati ndi kumene amayi a kunyumba amadandaula nako. Masipuling'i akumbuyo ndi a zitsulo zosanjikiza, opangidwira kulemera, ndiye yopanda katundu imadumpha ngati ngolo ya ng'ombe yodutsa pa mizere ya m'munda. Amene wakhala mpando wakumbuyo ndiye amamva kwambiri, popeza mpandowo ndi woima chilili ndipo sugonekeka. Agogo titawatenga kupita nawo ku Lundazi anatsika akugwira m'chiuno. Limeneli si vuto la Hilux yokha. Ndakwerapo Ford Ranger ndi Isuzu D-Max za anzanga, zonse n'chimodzimodzi pang'ono, chifukwa galimoto yopangidwira kunyamula tani singafewe ngati ya m'tauni. Ikanyamula matumba khumi ndi pamene imakhazikika n'kumayenda mwaulemu.

Pa ulendo wa ku Lusaka, womwe ndi pafupifupi makilomita 570 pa Great East Road, ilibe mlandu. Thanki yake ndi ya malita 80, ndipo ndikaidzaza ku Chipata ndimadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba mpaka kukafika osayang'ana pothira. Yanga imayenda makilomita 10 kapena 11 pa lita ndikamayenda modekha, ikalemedwa amatsika. M'mapiri a kufupi ndi mlatho wa Luangwa imakwera mosakakamiza ngakhale ili ndi katundu, kungoti injini ya 2.5 si yothamanga. Pofuna kupitirira lole yaitali muyenera kuona patali ndithu musanatuluke. Potsetsereka ndi katundu ndimatsika giya kuti injini indigwirire, apo ayi mabuleki amayamba kununkha musanafike pansi.

Tsopano za ndalama. Mtengo wa dizilo umaunikidwa mwezi ndi mwezi ndi a ERB, bungwe la boma loona za mitengo ya mafuta, ndiye mwini vaneti amamvetsera nkhani za kumapeto kwa mwezi ndi mtima m'mwamba. Posintha oilo imamwa pafupifupi malita 7, pamene kagalimoto ka mnzanga wa takisi kamakhuta ndi theka lake. Matayala ndi aakulu ndipo amagulidwa anayi nthawi imodzi, osati limodzi limodzi, popeza pa 4x4 amafunika kufanana. Onjezanipo inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi fitinesi ku RTSA (bungwe loona za magalimoto pamsewu), komanso zolipira pa mageti a pamsewu wa ku Lusaka. Injini imeneyi ili ndi lamba wa taimingi amene amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo nyali yolembedwa T-BELT imayaka kukukumbutsani. Musainyalanyaze nyaliyo, lamba akaduka ikuyenda mudzagula zambiri kuposa lamba. Za mtundu wotsatira, zimene zinayamba mu 2015 ndi injini za 2.4 ndi 2.8 GD-6, zili ndi tcheni m'malo mwa lamba.

Chimene injini ya D-4D imadana nacho kwambiri ndi dizilo wakuda. Imapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono ta ma injekita, ndiye kadothi kapena kamadzi kochepa kamawononga zinthu zodula. Dizilo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi wotchipa tsiku lomwe mwagula lokha. Fyuluta ya mafuta ndimasintha msanga kusiyana ndi mmene buku limanenera, ndipo ya mpweya ndimaigwedeza pafupipafupi nthawi ya fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala. Chosangalatsa n'choti amakanika a muno mu Chipata amaidziwa galimotoyi mpaka kabawuti kalikonse, ndipo zipangizo zake zimapezeka osachita kudikira basi ya ku Lusaka. Ma Hilux ambiri a kuno anapangidwa ku South Africa, ku Prospecton ku Durban, monganso Ranger imapangidwira ku Silverton ku Pretoria ndi D-Max ku Gqeberha, ndiye zipangizo zimachokera kunja ndipo kwacha ikagwa mitengo imakwera tsiku lomwelo. Chenjerani ndi zabodza zoikidwa m'mabokosi okongola, makamaka mafyuluta ndi mabuleki.

M'tauni ndi yotopetsa. Kutalika kwake kumapitirira mamita asanu ndipo imafuna bwalo kuti itembenuke. Ku Kapata kapena ku Down Shops masana, pakati pa njinga zonyamula anthu, njinga zamoto ndi mawilibala, kuimika ndi ntchito yapayokha. Kukagula buledi ndi vaneti n'kuwotcha ndalama.

Pali mtengo wina umene ogulitsa galimoto sangakuuzeni. Mukagula vaneti, mwagulira mudzi wonse. Maliro akagwa, foni yoyamba imalira kwa inu, kaya ndi pakati pa usiku: bokosi, nkhuni, ufa, anamfedwa. Mayi akayamba kudwala matenda a pakati kumudzi, ambulansi ndi inuyo. Ikafika Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kapena Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, achibale amene simunawaone chaka chonse amatulukira atavala kale zitenje, akufunsa kuti tinyamuka nthawi yanji. Za maliro ndi odwala sindiwerengera, munthu sungakane ndipo ndimathokoza kuti ndili nacho chothandizira. Chovuta ndi amalume akabwera n'kunena kuti, "Mphwanga, tangondinyamulirako njerwa pang'ono, si patali." Amaona kumbuyo kuli mpata, saona singano ya mafuta ikutsika. Tsopano ndimanena poyera kuti galimoto ndipereka, koma dizilo athire eni ulendo, ndipo ena anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi. Anthu okwera kumbuyo ndimawakana pa msewu waukulu. Kulibe lamba, kulibe chogwira, ndipo tayala likaphulika pa liwiro palibe amene angatsale m'bokosimo.

Kumbuyo kotsegula kuli ndi zake. Mvula ikakupezani ndi feteleza kapena simenti mulibe tenti, mwataya ndalama. Mukaima pa msika, chilichonse chili kumbuyo chimafuna mlonda. Kanopi imathetsa zimenezi koma imakulepheretsani kuunjika matumba kapena kunyamula chinthu chachitali, ndiye ine ndinasankha tenti ndi zingwe. Tayala lapadera limakhala pansi kunja, liikireni loko. Galimotoyo payokha akuba amaikonda chifukwa ili ndi msika kulikonse, ndipo malire a Mwami ali pafupi, choncho kachipangizo kolondolera komwe ili si kongodzionetsera. Msika womwewo ndi umene umachititsa kuti isagwe mtengo. Anthu amandiimitsa pothira mafuta kufunsa ngati ndikugulitsa.

Kwa mphunzitsi kapena wa mu ofesi amene amayenda pa phula kuchokera ku Kalongwezi kupita ku tauni, n'kumapita kumudzi pa Khirisimasi pokha, sindingamulangize vaneti. Kagalimoto kakang'ono kamukwanira, tsiku la katundu abwereke. Kwa mlimi wokhala kutali ndi phula, wogula mbewu, womanga nyumba za anthu kapena wonyamula katundu kupita ku malo ogona alendo ku Mfuwe, imabweza ndalama zake. Ngati simunyamula anthu kawirikawiri, single cab ndi yotchipa ndipo bokosi lake ndi lalitali kwambiri.

Mukapita kukaona yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani m'mawa injini isanalizidwe, kuti mumve ngati ikugogoda kapena kutulutsa utsi woyera ikazizira. Gonani pansi muone tchesi ngati inawotcheredwapo, muyang'ane masipuling'i ngati akadali opindika kapena anawongoka ndi katundu. Ilowetseni H4 ndi L4 pa msewu wa fumbi mumve ngati zikugwira. Funsaninso kuti lamba wa taimingi anasinthidwa liti, ndipo akati anasintha, apempheni lisiti.