Zomba, Mulanje kapena Liwonde: kopita mukakhala ndi masiku awiri okha

Munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe akapeza Loweruka ndi Lamlungu lopanda maliro, lopanda ukwati, malo amene amabwera msanga m'mutu ndi atatu: Zomba, Mulanje ndi Liwonde. Konse kumafika tala ndipo konse kuli chokaona. Koma tawuni imene simunagonemo musaiyese ndi zithunzi za pa Facebook. Chimene chimapha ulendo waufupi ndi mtunda wa pakati pa pomwe minibasi ikutsitseni, pomwe mukagone, ndi chinthu chenichenicho chimene mwadzera. Mtundawu ukatalika, tsiku lathunthu limathera m'njira, ndipo pa masiku awiri aja latsala limodzi.

Tikayesa chonchi, Zomba ndiyo ili patsogolo, ndipo wopita koyamba timamulozera kumeneko mosakayika. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, ola limodzi ndi theka pa minibasi yokwerera ku Limbe. Mukatsika pa depoti mwafika kale pakati pa zonse. Msika uli pomwepo, mabanki ali chapafupi, malo ogona otsika mtengo ndi odula omwe mumawafika wapansi kapena pa kabaza. Popeza Zomba idali likulu la dziko mpaka 1975, ili ndi zoona ngakhale phiri musalikwere: nyumba zakale za boma, munda wa zomera zosiyanasiyana m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndi chipilala chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) chimene chimakulandirani polowa kuchokera ku Blantyre. Apa ndiye pagona mphamvu ya Zomba. Mvula ikagwa kapena phiri likaphimbika, tsiku silinatayike.

Phirilo lili pamutu penipeni pa tawuni. Msewu wokwera ku Ku Chawe ndi wa tala koma wokhotakhota, ndipo wopanda galimoto amapangana ndi wa takisi kapena wa njinga yamoto. Panganani zobwerera musananyamuke, chifukwa pamwamba palibe siteji yoti mungaime n'kukwera chilichonse chodutsa. Wapansi pali njira yachidule yotchedwa Potato Path, yoimirira ndithu, ya maola awiri kwa munthu wosazolowera, ndipo ndi bwino kuyenda ndi woidziwa. Mukamayandikira ku hotela ya Ku Chawe mupeza ogulitsa atandandalika m'mbali mwa msewu timbale ta masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ena atayala timiyala tonyezimira pansalu. Timbaleto tionetsetseni mpaka pansi, pakuti zipatso zazikulu zimakhala pamwamba.

Alendo ambiri amalakwitsa poganiza kuti phiri la Zomba ndi malo amodzi oti n'kuwazungulira ndi ola limodzi. Damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams ali chapafupi, theka la tsiku likwanira. Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idakaima mu 1965, ndi Queen's View, malo awiri oonerapo chigwa, ali kutali, ndipo wapansi kupita ndi kubwerera kumadya pafupifupi tsiku lonse. Dzenje la Chingwe lili mbali ina. Misewu yopita kumalo amenewa ndi yafumbi, yokumbika ndi malole onyamula matabwa, moti galimoto yaifupi ngati Sienta imakhula pansi, ndipo nthawi ya mvula imatitimira. Sankhani mbali imodzi basi. Chinanso, pamwamba ndi mamita oposa 1,500 ndipo usiku wa mu June ndi July kumazizira kolowa m'mafupa. Juzi yopepuka ya ku Blantyre siikwana. Mu September ndi October utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa chonse, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje osaoneka. Ndipo musanasankhe tsiku, funsani ngati ku yunivesite kulibe mwambo wopereka madigiri sabata imeneyo, chifukwa zipinda zimatha m'tawuni yonse.

Mulanje ndi kokongola kuposa konseku, sitingatsutse. Koma ndi kumenenso masiku awiri amanyenga anthu kwambiri.

Choyamba, dzina lakuti Mulanje limatchula malo atatu osiyana. Pali pa Boma, pali pa Chitakale pamene pali mphambano ya msewu wa ku Phalombe, ndiye pali ku Likhubula, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndi poyambira njira zambiri zokwerera phiri. Wolipira chipinda pa Boma ali ndi cholinga chokwera phiri m'mawa wadziwonjezera ulendo wina wa kabaza wa njinga yamoto, kupita ndi kubwerera. Ngati mwadzera phiri, tsikani pa Chitakale, mugule zofunika pomwepo, mukagone ku Likhubula. Ngati mwadzera minda ya tiyi ndi mpweya wabwino, pa Boma mpabwino. Pokwera ku Limbe funsaninso kondakitala ngati minibasi ikudzera msewu wa Midima, umene ndi wachidule, kapena wa ku Thyolo, wautali koma wodutsa m'minda ya tiyi.

Chachiwiri ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene aliyense amafuna kudzajambulitsapo. Tiwerengere limodzi. Tsiku loyamba mwanyamuka ku Limbe m'bandakucha, mwafika ku Likhubula cha m'ma 9 koloko, mwapangana ndi wolondolera njira ndi onyamula katundu. Kukwera mpaka ku nyumba yogona ya Chambe ndi maola atatu kapena anayi; kupitirira mpaka ku Chisepo, nyumba yoyandikira Sapitwa, ndi maola ena atatu. Tsiku lachiwiri kukafika pansonga ndi kubwerera ku Chisepo kumatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, mukukwawa pa matanthwe ndi kulowa m'mipata ya miyala. Kutsika mpaka kumsewu ndi tsiku lachitatu. Amphamvu ena amapanikiza zonsezi m'masiku awiri, koma amatsika ndi tochi, mawondo akunjenjemera, ndipo chifunga chikabwera alibe tsiku lodikirira. Chiperoni chikagwa paphiri ili, munthu amene ali patsogolo panu pang'ono chabe simumuona, ndipo miyala imaterera ngati sopo. Mu 2003 ndi mu 2009 alendo ochokera kunja amene adalunjika ku Sapitwa okha sadabwerere amoyo. Wolondolera njira akanena kuti lero sitikwera, mumvereni.

Tsono Loweruka ndi Lamlungu ku Mulanje mungachite chiyani chotheka? Ziwiri. China ndi kugona ku Likhubula, m'mawa n'kuyenda ola limodzi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, madzulo n'kuzungulira m'minda ya tiyi. Padziwepo samalani: madzi ake ndi ozizira kwambiri ndi akuya, anthu amirapo, ndipo mvula ikagwa kumtunda mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mulipo dzuwa likuwala. China ndi kugona usiku umodzi paphiri, ku Chambe kapena ku Lichenya, n'kutsika m'mawa mwake. Uwu ndiwo ulendo umene timaukonda pa yonse yotchulidwa muno, koma umafuna kukonzekera. M'nyumba zapaphiri mupezamo mlonda, nkhuni ndi madzi a mumtsinje. Chakudya mulibe. Mpunga kapena ufa, ndiwo zouma, mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, tochi ndi chofunda chochindikala ndi zanu. Ndalama ya wolondolera, ya onyamula katundu ndi ya pogona ikhale ya m'manja, mutagwirizana musanayambe kukwera, chifukwa netiweki paphiri ndi yoduka-duka ndipo Airtel Money kapena Mpamba sizodalirika kumeneko. Nsapato zatsopano musakayesere kumeneko. Matuza amatuluka ola lachiwiri lisanathe.

Mu July kumakhala mpikisano wothamanga paphiri wa onyamula katundu, mu October chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Masabata amenewa ndi osangalatsa ngati mwadzera zimenezo, koma pogona mpofunika kupezeratu.

Za Liwonde tinena mwachidule, pakuti nkhani yake ndi yolunjika. Tawuni yeniyeniyo ndi podutsira: mlatho ndi zitseko za madzi za Kamuzu Barrage pa mtsinje wa Shire, msika, nsomba, malole. Chokadzera ndi paki ya nyama, imene kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks, ndipo adabwezeretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, kuwonjezera pa njovu, zipembere, mvuu ndi ng'ona. Mzika ya Malawi imalipira pang'ono pachipata poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho chiphaso chaunzika musaiwale. Vuto ndi loti m'pakimo salowa wapansi kapena pa kabaza. Wopanda galimoto ayenera kulipira ulendo wa galimoto kapena wa boti kudzera ku loji, ndipo ndalama yambiri imapita pamenepo. Chipata cha kumwera chili pafupi ndi tawuni. Wopita ku Mvuu, malo ogona a mkati mwa paki, amadzera ku Ulongwe pa msewu wa ku Mangochi n'kuwoloka Shire pa boti. Osasokoneza ziwirizi, ndi njira zotalikirana.

Mukati musankhe chimodzi pakati pa boti ndi galimoto, sankhani boti la madzulo. Dzuwa likapendeka njovu zimatsikira kumadzi, mvuu zimangooneka makutu ndi mphuno zikupemerera madzi m'mwamba, ndipo woyendetsa amazimitsa injini kuti boti lizingoyandama. Ulendo wa galimoto umakoma m'mamawa, nyama zisanabisale kumthunzi. Boti madzulo, galimoto m'mawa: usiku umodzi wakwana. Wachiwiri ndi wa anthu okonda mbalame. Nyengo ya mvula misewu yambiri ya m'pakimo imatsekedwa chifukwa cha matope, pamene mu October ndi November nyama zimaoneka bwino koma kutentha kwake n'kosagoneka m'chipinda chopanda fani. Udzudzu ulipo chaka chonse, moti neti yopanda zibowo ndi chinthu choyamba kuyang'ana mukalowa m'chipinda, ndipo mukamva kuphwanya m'thupi sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, kayezetseni malungo.

Amene mukuyenda naye amasinthanso yankho. Ndi ana aang'ono kapena agogo, Liwonde ndiyo yosavuta thupi chifukwa zonse mumaonera chokhala. Zomba ikutsatira ngati pali galimoto yokwerera phiri. Mulanje ndi ya miyendo. Wa ndalama zochepa ndiponso wopanda galimoto, Zomba. Wochokera ku Lilongwe aiwale kaye za Mulanje pokhapokha ali ndi masiku atatu kapena anayi, chifukwa kupita ndi kubwerera kokhako kwadya masiku awiri. Kwa iyeyo Liwonde ndiyo yapafupi podzera ku Balaka, ndipo popeza Zomba ili makilomita 50 okha kupitirira apo, usiku umodzi kumtsinje ndi wina kuphiri zimatheka bwinobwino. Chipatala chili konse: chachikulu ku Zomba, cha boma ndi cha mishoni ku Mulanje, cha boma la Machinga pa Liwonde pomwepo. Koma wothyoka mwendo ku Chisepo amatsika atanyamulidwa pamachira kwa maola ambiri asanaone msewu, ndipo wa matenda a mtima kapena mphumu aganizire zimenezi asanasankhe.

Kulikonse kumene mwasankha, imbirani foni malo ogonawo, musamangolemberana. Funso lakuti "muli pafupi ndi tawuni?" aliyense amayankha kuti inde. Funsani kuti kabaza kuchokera pa siteji amalipiritsa zingati, pakuti mtengo wa kabaza ndiwo umaulula mtunda weniweni. Funsani ngati magetsi akazima pali jenereta kapena sola, ndiponso ngati imayendetsa fani ndi madzi otentha kapena mababu okha. Funsani ngati madzi amatuluka m'mipope usiku, ngati amaphika chakudya chamadzulo kapena mufike mutadya, ndi ngati galimoto imagona mkati mwa mpanda. Apempheni akutumizireni pa WhatsApp kanema wa chipinda chenichenicho pamodzi ndi bafa lake. Ndalama yosungitsira malo ikhale ya usiku umodzi, yotsalayo mukapereke mutachiona chipindacho. Wa galimoto anyamuke ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, chifukwa mafuta akasowa m'dziko, matawuni aang'ono ndiwo amayamba kuuma.

Zobwerera nazo zikonzeni Loweruka lomwelo. Lamlungu masana minibasi zimachedwa kudzaza, ndipo mdima ukagwa mtengo umakwera pamene zokwera zikuchepa. Ku Zomba mukhoza kuchedwako pang'ono chifukwa zopita ku Limbe n'zambiri, ndipo pa Liwonde mumadalira zochokera ku Mangochi ndi ku Balaka, zimene zimafika zitadzaza kale. Wotsika phiri la Mulanje ayambe kutsika 7 koloko m'mawa kuti 2 koloko masana imupeze ali pa Chitakale.