Aphunzitsi a tango ndi abwino, koma ofesi inandisiya panja usiku wa pa 24 Disembala

Sukulu yovina imeneyi ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa zimenezi ndi za mayi mmodzi yekha. Ndinalipira madola 480 a pulogalamu ya masabata awiri ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano pasukulu ina ya gule wa tango ku San Telmo, mumzinda wa Buenos Aires ku Argentina. Ndinapita ndekha. Makalasi a tango ali mbwee mumzindawu, choncho chimene chinandikokera kwa iwowa ndi lonjezo lawo lakuti obwera okha adzadyera pamodzi usiku wa pa 24 Disembala, kenako n'kupitira limodzi ku milonga, kumene anthu amakavina. Ndalama yanga inapita chifukwa cha lonjezo limeneli.

Pa 23 ndinafunsa bambo wa pa desiki ngati zonse zili m'malo. Anandiyankha maso ali pa foni kuti ndifike 9 koloko usiku, nditchene. Tsiku litakwana ndinasita diresi, n'kuika nsapato zovinira m'kathumba, ndipo ndinafika nthawi isanakwane. Ndinapeza chitseko chachitsulo atatsitsa mpaka pansi, magetsi onse ozima, popanda ngakhale kapepala pakhomo. Ndinagogoda, ndinaimba foni kasanu, zii.

Amene simunafikeko dziwani kuti ku Argentina usiku waukulu ndi wa pa 24, umene amautcha Nochebuena. Masitolo amatseka kukadali kowala, mabasi amachepa kwambiri, takisi kuipeza n'kovuta, aliyense amakhala kwa abale ake. Bambo uja ndi mbadwa ya konko, zonsezi amazidziwa bwino. Msewu wa Defensa, umene Lamlungu sukhala ndi popondera chifukwa cha msika, unali waphee. Kunja kunali kukutenthabe chifukwa Disembala kumeneko ndi chilimwe. Ndinakhala pakhonde la sukuluyo, thukuta lili kamukamu, kuchokera m'mazenera ndikumva mbale zikulira ndi ana akuseka. Ndinali ndisanadye chifukwa ndinkadikira chakudya chimene ndinalipira kale. Misozi inatsika. Mkazi wachilendo, chilankhulo osachidziwa bwino, kumusiya pamsewu usiku ngati umenewu, ameneyu ndi munthu wamtima wanji?

Cha m'ma 10 koloko ndinalemba pagulu la WhatsApp la kalasi yathu kufunsa ngati pali amene akudziwa kanthu. Amene anayankha ndi aphunzitsi athu a m'mawa, mayi a zaka za m'ma 70. Anati iwo ankadziwa kuti phwandolo analiimitsa sabata yathayo, ndipo ankaganiza kuti tonse tinauzidwa. Ananditumizira mawu akuti ndisasunthe pamene ndinalipo. Pasanathe mphindi 30 anatulukira pagalimoto ya mwana wawo, atavala epuloni, n'kunditengera kwawo ku Boedo.

Patebulo panali anthu oposa khumi, ndipo anangosendeza mipando n'kundiika pakati. Anandipatsa vitel toné, nyama ya ng'ombe yozizira yodula mopyapyala yothira msuzi wa nsomba ya tuna, kenako pan dulce, buledi wotsekemera wokhala ndi zipatso zouma. Itakwana 12 koloko onse anaimirira ndi matambula a sidra (mowa wa maapozi), kunja makombola akuphulika, aliyense kupsompsona mnzake patsaya, ine ndemwe. Atatha anakankhira tebulo kukhoma n'kuika nyimbo za Carlos Di Sarli, zija zoyenda mofatsa zimene aphunzitsi amakonda kuyambira nazo. Achimwene awo a mayiwo, agogo oyenda pang'onopang'ono, anandiyang'ana n'kugwedeza mutu. Ndinavomera. Ndikuvina, maso anga ankangothamangira kumapazi, mayi aja n'kundigwira chibwano: "Mwana wanga, pansi sipathawa. Mvera chifuwa cha mnzako." Usiku umenewo m'pamene ndinayamba kuyenda osawerenga masitepe.

Ndiye za makalasi sindinganame, ndi abwino. Masiku atatu oyamba tinangophunzira kuyenda ndi kukumbatirana, ocho, sitepe yojambula nambala 8 ndi mapazi, anabwera pambuyo. Poyamba ndinkaona ngati akutichedwetsa, koma nditalowa m'bwalo lenileni ndinamvetsa. Mayiwa anatiphunzitsanso mwambo wa ku milonga, umene ukapanda kuudziwa umachita manyazi. Nyimbo zimabwera zitatu kapena zinayi motsatizana, imeneyo ndi tanda, ndipo umaimaliza ndi munthu mmodzi. Pakati pake amaika kanyimbo kosavinika kotchedwa cortina kuti anthu abwerere m'mipando. Kupemphana gule kumachitika ndi maso komanso kugwedeza mutu, amati cabeceo, ndiye ukakhala maso ali pa foni ukhala pampando mpaka kucha. Ukanena kuti gracias (zikomo) tanda isanathe, mnzakoyo amamva kuti wamukana. Onse amazungulira bwalo molowera mbali imodzi, motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi. Lamlungu ndinakavina pabwalo la panja ku Plaza Dorrego, ndipo tsiku lina ku Glorieta ya ku Barrancas de Belgrano, konse ndekha, osasowa wovina naye. Zimenezi ndikuthokoza mayi amenewa.

Chipinda chophunzirira chili ndi pansi pamatabwa abwino, koma mafani awiri sakwanira kutentha kwa masana. Analemba kuti m'kalasi simudutsa anthu 10, ife tinalimo 22, akazi ochuluka kuposa amuna, moti nthawi yambiri tinkadikirana. Phwando la pa 31 linachitika, linali bwinobwino, palibe chodandaula.

Pa 26 ndinabwerera pa desiki paja. Bambo uja anati anthu olembetsa anachepa ndipo anatumiza imelo kwa aliyense. Ndinamutsegulira imelo yanga pamaso pake, mulibe kanthu. Ndinamukumbutsa kuti pa 23 anandiuza ndi pakamwa pake kuti ndibwere 9 koloko. Anangokweza mapewa n'kuyamba kulankhula ndi munthu wina amene anali kumbuyo kwanga. Mawu akuti pepani sanatuluke. Ndalama ya chakudya, madola 40, inabwera nditalembera eni sukulu katatu, komanso mayi aja atakalowererapo. Masiku onse otsala ndinkadutsa pa desikiyo osamupatsa moni, ndipo mpaka pano ndikamukumbukira mtima umandiwawa, chifukwa mayi aja akanapanda kuyang'ana foni yawo ali pakati pophika, sindikudziwa kuti ndikanafika bwanji kogona.

Ngati mukupita nokha nyengo ya Khirisimasi, musagule pulogalamu yonse. Lipirani kalasi iliyonse payokha, sankhani ya m'mawa ya mayi achikulirewo, ndipo za usiku wa pa 24 konzani nokha kukadali masiku, kuphatikizapo galimoto yobwerera. Chilichonse chimene a pa desiki akuuzani, auzeni akulembereni pa WhatsApp. Ine ndikadzabwereranso ndidzaphunzira kwa mayi omwewa, koma ndalama ndidzawapatsa m'manja mwawo.