Makapasita ouma amene ndinagula ku Limbe: miyezi 8 pa benchi yanga

Ndimakonza mawailesi, madikoda ndi timabokosi ta sola pa Chitakale pano. Zambiri zomwe anthu amabwera nazo zitafa, ndikatsegula ndimapeza nthenda yomweyomweyo: kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, watupa pamutu ngati chitumbuwa. Makapasita wamba aja mkati mwake muli pepala lonyowa ndi mankhwala amadzimadzi. Dikoda ikakhala m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, mayi a pakhomo atayalapo kansalu koluka kuti pabalaza pakongole, madziwo amauma pang'onopang'ono, kenako chithunzi n'kuyamba kudukaduka.

Ndiye mu Epulo ndinakwera minibasi wa ku Limbe n'kukagula paketi ya makapasita 50 a mavoti 16 (16V), amene ogulitsa amati "solid", ena amati a polima. Shopuyo sinditchula dzina, chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza katatu wa wamba aja, moti pobwerera ndinadutsa pa Bangwe mtima ukundiwawa.

Ine chinthu chachilendo sindiika m'katundu wa kasitomala ndisanachione m'mimba. Ndinang'amba mmodzi ndi pulayazi. Timalata ta aluminiyamu tokulungiza tinalimo monga mwa nthawi zonse, koma pepala lake linali louma gwaa, lomatidwa ndi zinthu zakuda zopita ku buluu. Nditapala ndi lezala zinangoyoyoka ngati makala. Mphwanga amene amaphunzitsa sayansi ku sekondale anali pomwepo akudya chinangwa changa, ndipo anati, "Achimwene, ameneyotu ndi pulasitiki." Ndinamuseka. Zaka zonsezi ine pulasitiki ndimamudziwa ngati chokutira waya kuti magetsi asandigwire.

Anandifotokozera chonchi. Pulasitiki aliyense ndi unyolo wautali wa maatomu a kaboni. Mu jumbo ya kumsika, kaboni aliyense wagwirana ndi mnzake ndi mfundo imodzi, ndipo maelekitironi onse, tinthu tonyamula magetsi, ndi omangika, palibe woyenda. Mwa uyu mfundozo zimasinthana, apa imodzi, apa ziwiri, apa imodzi, mpaka kumapeto, ndiye maelekitironi a mfundo yachiwiriyo amakhala omasuka kutsetsereka mu unyolo wonse. Komabe pazokha sizikwanira. Minibasi ikadzaza thothotho palibe amene amasuntha mpaka wina atatsika. Nawonso opanga pulasitikiyu amachotsamo dala maelekitironi ena ndi mankhwala kuti otsalawo apeze poyenda. Hideki Shirakawa, Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger ndi amene anaonetsa zimenezi mu 1977, atafukiza pulasitiki wotchedwa polyacetylene ndi nthunzi ya ayodini mpaka anayamba kudutsitsa magetsi kuwirikiza mamiliyoni. Mu 2000 anawapatsa mphoto ya Nobel.

Polyacetylene uja amaonongeka akakumana ndi mpweya, n'chifukwa chake simungamupeze m'dikoda. Makapasita ambiri a mtunduwu lero amaikamo PEDOT, amene kampani ya Bayer ku Germany inapanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Iyeyu unyolo wake ndi wa timphete ta maatomu totsekedwa m'mbali, choncho unyolo sungaphuke nthambi, umangokula mowongoka ndi mophwatalala, n'kusanjikizana ndi unzake ngati malata a m'hadiweya. Kusanjikizanako ndi kumene kumalola magetsi kudumpha kuchoka pa unyolo uwu kupita pa winawo. Apa ndiye ndinamvetsa za makala anga aja. Kuwongoka komwe kumayendetsa magetsi ndi komwenso kumamuumitsa khosi. Jumbo imatamuka chifukwa maunyolo ake ndi opotana ngati luzi. Uyu ndi nsungwi youma, ukaipinda imathetheka. Anzanga okonza zinthu, mukawotcherera kapasita wotere musamamugwedeze uku ndi uku kuti aime bwino monga tinazolowerera. Mumasokoneza za mkatimo, ayamba kudontha magetsi.

Pa ntchito yeniyeni, mbali ya pawa ya mavoti ochepa, ndilibe nawo mawu. Bambo wina wa shoo ya vidiyo ku Limbuli ankabwera ndi dikoda yake katatu pa chaka. Ndinamuikira anayi mu Meyi, ndipo kutentha konse kwa Okutobala kwadutsa sindinamuone, kupatula tsiku lina pa depoti pomwe anandikuwira kuti, "Amisiri, ikadali moyo!" Timabokosi ta sola ta anthu a m'maesiteti a tiyi nato chimodzimodzi. Ukawakhudza bodi itagwira ntchito maola angapo, amakhala ofunda chabe, pomwe akale aja ankaotcha chala. Pulasitikiyu salimbana ndi magetsi ngati mmene amachitira madzi aja, ndipo mulibe choti chiume.

Koma si ponse. Ndinatengeka, n'kuika awiri panjira ya mawu mu ampulifaya ya kutchalitchi kwathu. Lamlungu lake, aliyense akakhudza voliyumu masipika ankachita phwerephwere, abusa akundiyang'ana ali pa guwa. Makapasitawa amadontha magetsi pang'ono kuposa wamba, ndipo pamalo ngati amenewo zimamveka. Ndinabwezeretsa akale Lolemba m'mamawa. Komanso musayembekezere kupeza wa 400V wa polowera magetsi mu pawa ya TV; awa ndi a mavoti ochepa. Ndipo akafa satupa. Diso silithandiza, mpaka utenge mita.

Tsopano za shopu ija. Pa 50 aja, 11 anali ndi kamtanda kolembedwa mozama pamutu, kamene amaika kuti kapasita wamadzi apume akatupa. Enieni a polima amene ndinagula ndi osalala pamwamba. Ndinang'amba mmodzi wa kamtandayo, madzi abulauni n'kundinyowetsa zala, fungo lake lomwe lija ndimalidziwa. Munthu anangowaveka jekete lofanana ndi enawo. Nditabwerera nawo, mnyamata wa pakauntala anati, "Bwana, nafenso timangolandira katundu," n'kundisinthira 5 okha, enawo akuti ndidikire abwana ake. Mpaka lero ali m'kabotolo ka mafuta odzola pa shelefu yanga.

Ndigulanso, chifukwa dikoda ya ku Limbuli ija yandikhutiritsa. Koma ulendo uno paketi ndikaitsegulira pakauntala pomwepo, ndipo pulayazi ndikhala nayo m'thumba.