Mustang GT, California Special kapena Mach 1: ndalama yowonjezerayo ikugula chiyani?

Kwa ife amene timayendetsa kumanzere kwa msewu, nkhani ya magalimoto amphamvu a ku America imathera pa Ford Mustang. Dodge Challenger ndi Chevrolet Camaro sizinatulukepo m'fakitale zili ndi chiwongolero chakumanja, pomwe Mustang ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, imene inayamba mu 2015, inali yoyamba kupangidwa choncho ku Flat Rock, Michigan. N'chifukwa chake mumaipeza pamsika wa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Johannesburg, ku London ngakhale ku Sydney. Mukayamba kufunafuna, mupeza mitundu itatu ya injini imodzimodzi ya V8 ya malita 5.0 koma mitengo yosiyana: GT wamba, GT California Special ndi Mach 1. Ziwiri zomalizazi amazigulitsa ngati zapadera. Koma kupadera kwake si kofanana, ndipo ine zimandipweteka ndikaona munthu akulipira mamiliyoni owonjezera asakudziwa chimene wagula.

California Special tisachedwe nayo. Dzinali n'lakale, la mu 1968, ndipo galimotoyo ndi yokongola ndithu: mizere m'mbali, marimu ake ake, giriro yosiyana, mipando yansalu yofewa ndi chizindikiro cha GT/CS. Mukatsegula boneti mupeza GT. Injini ndi yomweyo, giyabokosi ndi yomweyo. Ngati maonekedwewo akukusangalatsani ndipo mtengo wake wasiyana pang'ono ndi GT ya chaka chomwecho, tengani. Wogulitsa akaikweza kwambiri ponena kuti ndi yosowa, musiyireni.

Mach 1 ya 2021 mpaka 2023 ndiye yofunika kuikhalira pansi. Ambiri amathamangira kuyang'ana mphamvu ya injini, n'kukhumudwa. Ku America mu 2021 inali ndi 480 hp pomwe GT inali ndi 460 hp. Ku South Africa kusiyana kwake kunali kochepa kuposa apo, 338 kW ndi 331 kW. Palibe dalaivala amene angamve kusiyana kumeneku pamsewu wa tsiku ndi tsiku, ndipo amene akugula Mach 1 chifukwa cha manambalawa akutaya ndalama. Phindu la galimotoyi lili pansi, kumene maso saona.

Choyamba ndi giyabokosi. GT ya manyuwo imabwera ndi Getrag MT-82, imene eni ake ambiri akhala akuidandaula kwa zaka: injini ikakwera kwambiri giya imakana kulowa bwino, makamaka posintha mofulumira kuchoka pa yachiwiri kupita pa yachitatu. Mach 1 ya manyuwo anaiika Tremec TR-3160 ya magiya asanu ndi limodzi, yochokera mu Shelby GT350, Mustang yopangidwira pabwalo la mpikisano, yokhala ndi choziziritsira oyilo chakechake. Mkono wa giya umayenda pang'ono chabe n'kugwera m'malo mwake motsimikiza. Chimenechi ndi chinthu chimene dzanja lanu limagwira mphindi iliyonse mukuyendetsa, kaya muli pa liwiro kaya mukukwawa pamzere wa magalimoto m'mawa. Kuti mugule GT kenaka mukaikemo Tremec kugalaja, pamafunika giyabokosiyo, kilachi, shafuti ndi makaniko wodziwadi ntchito yake, ndipo mukamadzagulitsa palibe adzakubwezereni ndalamazo.

Chachiwiri ndi kuziziritsa. Ford inasiya kupanga Shelby GT350 ndi Bullitt, mtundu wina wapadera wa Mustang, kumapeto kwa 2020, ndipo Mach 1 inatolera zida za magalimoto amenewa pamodzi ndi za Shelby GT500. Njira yolowera mpweya mu injini ndi choziziritsira oyilo wa injini zinachokera ku GT350, choziziritsira difu yakumbuyo chinachokera ku GT500. Izi zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene mwalowa pabwalo la mpikisano ngati Kyalami, Zwartkops kapena Killarney ku South Africa dzuwa likuswa mtengo. GT wamba ikazungulira kangapo mwamphamvu, difu imatentha ndipo chenjezo limayaka, basi muyenera kuchepetsa liwiro. Mach 1 anaipangira kuti ipirire zimenezo. Onjezanipo mashoko a MagneRide, amene amalimba kapena kufewa malinga ndi msewu. Pa GT munkachita kulipira mwapadera, pa Mach 1 amabwera nayo. Masipuling'i ndi zitsulo zogwira mawiro nazo ndi zolimbirapo, ndiye pokhota galimoto siyendera mbali ngati GT.

Apa m'pamene pamafunika kudzifunsa moona mtima. Ngati galimotoyo idzangoyenda Loweruka kupita kukaona abale kapena kukatenga akwati, zoziziritsira zonsezo simudzazigwiritsa ntchito. Zili ngati kugula mbaula ya pasukulu yogonera pomwe m'nyumba mumadya anthu atatu. Komanso GT imene inkagulitsidwa ku South Africa, ku Britain ndi ku Australia sinali yosauka: inkabwera kale ndi mabuleki akuluakulu a Brembo kutsogolo, amene ku America ankalipiritsa padera. Kulira kwa V8 kuja, kumene ambirife timakonda galimotoyi chifukwa cha iko, kuli mu GT monse.

Nanga Mach 1 ya otomatiki? Apa ndimakayika kwambiri. Giyabokosi yake ya magiya 10 ndi ya mtundu womwewo umene uli mu GT, angoisintha kachitidwe ndi kuiwonjezera choziziritsira. Ndi galimoto yabwino, yothamanga kuposa ya manyuwo pamsewu wowongoka, koma chinthu chachikulu chimene chimasiyanitsa Mach 1 ndi GT mwachisiya. Wokonda otomatiki angachite bwino kufuna GT yosamalidwa imene ili ndi MagneRide.

Pamtengo, ku America mu 2021 GT yotsika inkayambira pafupifupi madola 36,000, Mach 1 pafupifupi madola 52,000. Mpatawo ukuoneka waukulu, koma munthu akatenga GT Premium n'kuwonjezera Performance Package (gulu la zida zolipirira padera zothandiza pa liwiro), MagneRide ndi ekizosi yosinthika kaliridwe, ankatsala ndi madola masauzande ochepa chabe kuti afike pa Mach 1. Pa ndalama yotsalayo ankapeza Tremec ndi zoziziritsira. Pamenepo Mach 1 inali yoyenera mtengo wake. Pamsika wa lero muyeso ndi womwewo: yerekezani Mach 1 ndi GT yodzaza zida ya chaka chomwecho ndi makilomita ofanana, osati ndi GT yotchipa kwambiri imene mwaiona.

Chimene ndimatsutsa ndi mtima wonse ndi chiyembekezo choti galimoto yapadera idzakwera mtengo yokha. Pa dashibodi ya Mach 1 pali kachitsulo kolembedwa nambala yake, ndipo ogulitsa amakonda kukaloza. Kumbukirani kuti Mach 1 yoyamba, ya 1969, inagulidwa yoposa 72,000 m'chaka chimodzi. Za nthawi imeneyo zimene lero zimagulidwa ndalama zoopsa ndi zosowadi, monga Boss 429 imene m'zaka ziwiri inapangidwa yosakwana 1,400, ndipo zatenga zaka zambiri kuti zifike pamenepo. Masiku ano m'badwo uliwonse umabwera ndi yapadera yake. Bullitt inatuluka mu 2001, 2008 ndi 2019. Mach 1 inabwerera mu 2003, kenaka 2021. Itangotha, mu 2024 kunabwera Dark Horse ya 500 hp ku America, nayonso ya Tremec, nayonso yopezeka ndi chiwongolero chakumanja. Mach 1 ya manyuwo ingatsike mtengo pang'onopang'ono kuposa GT chifukwa oifuna alipo, koma inshuwalansi, matayala ndi kusamalira zimadya ndalama chaka ndi chaka ngakhale itangokhala m'galaja.

Amene akuganiza zoitumiza ku Lilongwe kapena ku Lusaka awonjezere zina ziwiri. Msonkho wa pachipata ukamawerengedwa potengera mtengo wa galimoto, ndalama iliyonse yowonjezera pogula Mach 1 imakokanso msonkho wake. Kachiwiri, kutsogolo kwa Mach 1 kuli chipulasitiki chotsika chothandiza kuti galimoto igwire msewu pa liwiro, ndipo mahampu ndi maenje athu sachimvera chisoni. Bampala ya GT mungaipeze mosavuta ku South Africa, ya Mach 1 mudzaidikira.

Pogula yogwiritsidwapo ntchito, musadalire zomata za paboneti, chifukwa zimagulitsidwa paliponse pa intaneti. Onetsetsani nambala ya chasisi kwa ogulitsa Ford, ndipo makaniko aikweze pamwamba aone giyabokosi ndi choziziritsira difu. Funsaninso dziko limene inagulitsidwa koyamba, poti zida zinkasiyana: Handling Package, gulu la zida zowonjezera pa Mach 1 lokhala ndi matayala a Michelin Pilot Sport Cup 2, imene mumaiona m'mavidiyo a ku America, sinali pa magalimoto a chiwongolero chakumanja ochokera kufakitale. Mwa zitatuzi, ine ndingalipire zowonjezera pa Mach 1 ya manyuwo yokha. Ikapanda kupezeka pamtengo woyandikana ndi GT yodzaza zida, ndingatenge GT, ndalama yotsalayo ipite ku matayala abwino ndi petulo.